Mawu Amene a Layisoni Anapatsa Mzukwa

A Layisoni anamwalira ku Zalewa, pakhonde la sitolo ya eni ake, ndipo anaikidwa ndi anthu ogulitsa tomato ndi usipa amene sankadziwa ngakhale mfunda wawo. Uthenga unatipeza patatha sabata yathunthu, unabwera ndi dalaivala wa lole yodzatenga manachesi. Lamlungu lotsatira malume anga, a Gilibati, anaimirira m'tchalitchi, jekete atamanga mabatani onse, n'kunena kuti mudzi wataya mkamwini wolimbikira ntchito, munthu wansangala, wokonda ana. Wokonda ana! Anthu amene ankavomera kuti "zoona, zoona" m'mabenchimo ndi omwewo amene zaka zitatu zapitazo anakweza katundu wa a Layisoni pangolo n'kuwalozera msewu. Ine ndinali mmodzi wa iwo, ndipo sindidzibisa.

Anali amuna awo a mayi anga aakulu, a Felesiya, choncho ine ndinkawaitana kuti bambo. Kwawo kunali kumapiri a ku Ntcheu, koma anachokako ali mnyamata kupita ku Halale, kumene anakhala zaka zambiri akusesa ndi kulozera anthu mipando m'nyumba yoonetsera kanema. Atabwerako anakwatira kwathu kuno, kumtunda kwa Luwani, n'kukhala pachikamwini zaka zoposa makumi atatu. Njerwa anaumba okha, anamanga nyumba ya malata ya zipinda zitatu, anadzala manachesi mbali zonse. Ana awiri amene anabereka ndi a Felesiya anamwalira ali aang'ono. Amene amadziwa chikamwini amva kale pamene pali vuto. Mwamuna wopanda mwana pamudzi pa mkazi wake amakhalapo malinga mkaziyo ali moyo.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Anali kamunthu kakafupi, kouma, kokonda kukalipa. Ukawapatsa moni uli chiimire ankakufunsa ngati miyendo yako ili ndi misomali. Loweruka, tsiku loonetsa ana kanema, ankavala taye kuyambira m'mawa, osadya kanthu, kumangomwa madzi otentha a mandimu kuti mawu asasase. Dzuwa likapendeka pang'ono ankatseka mawindo a chipinda chachikulu ndi masaka, kuliza jenereta kuseri, n'kuima pakhomo ndi tochi yawo ya ku Halale imene inasiya kuyaka ine ndisanabadwe. Ndi tochi yakufayo ankalozera mwana aliyense pokhala, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo. Mwana wa mamina ankabwezedwa kuti akamine kaye. Wopanda ndalama ankalowa ndi dzira, wopanda dzira ankathirira mitengo iwiri. Ankanena kawirikawiri kuti munthu wolongolola kanema ali m'kati ngwosaleredwa, ngakhale atakhala m'busa.

Makinawo anawapeza pamene anzathu a ku Mozambiki ankabwerera kwawo, msasa wa ku Luwani ukuphwasuka. Mayi wina wachizungu amene a Layisoni ankamusamalira dimba anawasiyira TV, deki, kajenereta ndi katoni ya matepi. Matepi ambiri anali ophunzitsa kukumba zimbudzi ndi kuwiritsa madzi akumwa. Imodzi yokha inali katuni, ya zithunzi zojambula pamanja zija, imene ana a mayiyo ankaonera. Chinenero chake sichinali Chingerezi, sichinalinso Chipwitikizi. Aphunzitsi a kusukulu yathu, mwana wa ku Rumphi wodziwa zambiri, anamvetsera theka la ola n'kukweza manja. A Layisoni sananame kuti akumva. Anati munthu amene waima kumbuyo kwa kanema zaka khumi ndi zisanu amamva nkhope, ndipo anthu a m'katuniwo akapanda kupatsidwa Chichewa afa ndi mawu m'kamwa. Anadzitsekera masiku anayi ndi tepiyo, n'kutuluka atawapatsa mawu onse.

Nkhani yake inali ya banja losamukira m'nyumba yakale ya matabwa pamwamba pa phiri. Panali bambo wonenepa wa ndevu zopotana, mayi wamtali wosamwetulira, mtsikana ndi kamlongo kake. M'nyumbamo chinthu chinkagogoda kuchokera pansi, ndipo mipando inkachoka yokha pakati pa chipinda n'kukatsamira khoma. Kenako chinthucho chinaonekera, nkhalamba yotuwa, ya khosi lalitali, yonyamula nyali. Ana athu ankakuwa, kubisa nkhope m'madiresi, koma diso limodzi lili panja. A Layisoni ankaima pambali pa TV, dzanja limodzi kumbuyo, n'kumasintha mawu kasanu osapunthwa.

Bamboyo akamanjenjemera kuseri kwa kabati, iwo ankati: "Ine sindikuopa ayi, maondo okhawa ndiwo akumva chisanu."

Mayiyo akakumana ndi mzukwa pakhomo, tsache lili m'manja: "Kaya ndinu mzukwa kaya ndani, vulani nsapato, muno ndakolopa."

Mtsikana kuuza kamlongo kake: "Ukafuna kukuwa ukuwire uko, khutu ili ndi langa."

Ndipo mzukwawo, ndi mawu otsika ochokera m'mimba, amene sindidziwa kumene kamunthu kaja kankawatenga: "Ndikugogoda chifukwa kwathu anandilera bwino."

Mawu amenewa anatuluka m'chipinda muja n'kudzaza mudzi. Mwamuna akabwera ataledzera, mkazi ankamulandira ndi za nsapato, ana n'kugwa ndi phwete. Wopita kukazula dzino ankatsanzika ndi za maondo. Zinali zaka zimene zipani zinangobwera kumene, misonkhano inali ponseponse, ndipo wolankhula akayamba kunjenjemera ndi pepala lake, wina kumbuyo ankakuwa kuti m'patseni bulangete aphimbe maondo. Amayi a mumpingo omwe, amene pambuyo pake analumbira kuti sanapondemo phazi, ankalonjerana pamjigo ndi za kuleredwa bwino. Ndinawamva ndi makutu angawa, eti lero akuti sanamvepo.

A Layisoni sanasinthepo liwu ngakhale limodzi. Loweruka lililonse mawu anali omwewo, popumira pomwepo. Ankati ukapatsa munthu mawu usamulandenso, chifukwa ana amazindikira wabodza msanga kuposa akulu. Mathero a kanemayo ankawakonda kuposa zonse. Ana a m'kanemayo amafufuza mpaka kupeza kuti mzukwa uja unali mmisiri amene anakumba chitsime pamalopo kalekale, ndipo omanga nyumba anangochivundikira ndi matabwa, amene tsopano awola. Kugogoda konse kuja, kusuntha mipando konse kuja, unali kuchenjeza. Makolo atakana kumva n'kukhomera zitseko, mzukwawo umafika pabedi la ana n'kunena kuti: "Dzukani ana inu, tiyeni panja. Akuluakulu asamve, sangakuloleni." Ana amatuluka, makolo amawathamangira, ndipo onse atangoponda pabwalo, pansi pamagumuka, bedi lija n'kugwera m'chitsime. Pamenepo chipinda chonse chinkaomba m'manja, a Layisoni n'kuwerama pang'ono ngati achita ndi iwo.

Ndinawaona kamodzi kokha atachoka kwathu. Ndinapita ku Zalewa kukagulitsa nandolo, ndinawapeza atakhala pathumba la makala pafupi ndi poimira mabasi, akulondera njinga za anthu. Taye panalibe. Makina anali atagulitsa kale kwa anyamata oonetsa makanema a nkhonya. Ndinagwada, anandiyankha moni bwinobwino, anafunsa ngati mwana wanga Tiyamike wayamba sukulu, anafunsa ngati manachesi akuthiriridwa. Ndinawapatsa mbale ya nandolo, analandira ndi manja awiri n'kuthokoza ngati ndine mlendo. Kukalipa kuja kunali kutatha, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa akanandilavulira malovu. Ndinakwera matola ndikulira, mayi wina n'kundifunsa ngati ndabedwa.

Adani anali nawo, ndipo ena anadzipangira okha. Anyamata a chipani china anabwera kudzabwereka jenereta kuti alizire zimkuzamawu, anawabweza. A chipani chinacho anabwera mawa lake akuganiza kuti ndiye kuti mkuluyu ndi wawo, anawabwezanso. Atawauza kuti masiku ano ndi demokalase, iwo anayankha kuti ndi demokalase yomweyo imene ikuwalola kukana. Koma mkangano wawo weniweni unali ndi alamu awo, a Gilibati, mwini mbumba yathu, amenenso ndi mkulu wa mpingo. Chaka chilichonse manachesi akapsa a Gilibati ankatuma anthu kukathyola, ati nthaka ndi ya mbumba. A Layisoni ankatuluka ndi mpini n'kuwauza kuti nthaka atenge, koma madzi amene ali m'zipatsozo anadutsa pamsana pawo. A Felesiya ndiwo ankazimitsa moto, kupatsa mlongo wawo dengu limodzi mobisa. Za kanemayo a Gilibati ankalalikira kuti ndi zamizimu yoipa, chonsecho anali asanaione ngakhale chithunzi chimodzi.

A Felesiya anamwalira mvula itangoyamba. Anadwala chifuwa miyezi iwiri, a Layisoni akuwasambitsa okha, zimene amuna a kwathu kuno amachita nazo manyazi. Titameta, a Gilibati analankhula bwino pamaso pa anthu, kuti alamu akhale, akalamba, apita kuti. Sakanatha kunena zina, chifukwa anthu akanawaseka. Mkamwini wokalamba amene wakhala bwino ndi anthu sathamangitsidwa popanda chifukwa. Ndiye a Gilibati anakhala pansi kudikira chifukwacho, ndipo chinatulukira m'nyumba mwanga.

Tiyamike anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anatentha thupi masiku awiri, ndinamugoneka pakhonde masana, ife amayi tikutonola chimanga pomwepo. Mwadzidzidzi mwana anadzuka n'kukhala tsonga, maso ofiira, n'kulankhula ndi mawu otsika aja: "Dzukani ana inu, tiyeni panja. Akuluakulu asamve." Akazi a malume anataya chitsononkho n'kukuwa mayo. M'mawa mwake ndinamubereka mwana kupita kuchipatala, anati ndi malungo, anamupatsa mankhwala, ndipo tsiku lachitatu ankasewera fulaye ndi anzake. Koma nkhani inali itafika kale mudzi wachitatu. Kwathu kuno aliyense amadziwa amene amadzutsa ana kuti atuluke makolo asamve. Akuluakulu, poganizira za ufiti, anayamba kuitana ana mmodzimmodzi n'kuwafunsa kuti kodi a Layisoni amakuuzani kuti dzukani tiyeni panja? Ana, posadziwa kanthu, ankayankha mokondwa kuti eee, Loweruka lililonse. Mxii! Anthu akuluakulu, a imvi zawo, kuchita kugwedeza mitu kuti tapeza umboni.

A Layisoni sanathawe. Anapita okha kwa a Gilibati n'kupempha chinthu chimodzi, kuti akuluakulu a mbumba ndi a mpingo abwere masana, dzuwa likuswa mtengo, adzaonere kanemayo mpaka kumapeto, kenako aweruze. A Gilibati anavomera. M'mawa wa tsikulo anandipeza panjira ya kumjigo, ndowa ili pamutu.

"Iwe Esinati," anatero, "uli ndi ana atatu m'kanyumba ka udzu, mwamuna wako ku Joni anaiwala kulemba kalata. Nyumba ija ndi ya mbumba, ndipo wamkulu wotsala ndiwe. Lero ungokhala chete basi."

Ndinangopitiriza ulendo madzi akutayikira pamsana.

Anabwera khumi ndi awiri, n'kukhala pamabenchi a ana, maondo kufika m'zibwano. Ife amayi tinakhala pansi cha kukhomo. A Layisoni anavala taye, analozera aliyense pokhala ndi tochi ija, n'kuyamba. Sindinawaonepo akuchita bwino ngati tsiku limenelo. Atafika pa za maondo, agogo ena a mumpingo anaphulika kuseka n'kudzigwira pakamwa. Pa za nsapato anaseka anthu anayi. Ndinaona a Gilibati akuyang'ana uku ndi uku, thukuta likutsika m'khosi, ndipo mtima wanga unayamba kunena kuti mwina zitha bwino popanda ine kutsegula pakamwa. Kenako mzukwa unafika pabedi la ana. A Layisoni akanatha kufewetsa mawuwo, akanatha kunena kuti tiyeni tikaitane amayi, ndani akanawatsutsa? Chinenerocho palibe ankachimva. Koma munthu wouma mutu uja anatsitsa mawu n'kunena momwe ankanenera Loweruka lililonse, liwu ndi liwu.

A Gilibati anadzambatuka, kutuluka, n'kukazimitsa jenereta. Chithunzi chinazima anawo ali pakhomo.

"Tamva tokha," anatero pobwerera. "Tikufunanso chiyani?"

"Alamu," a Layisoni anatero, "kwatsala pang'ono. Yatsani muone chimene akuwatulutsira anawo."

"Taona zokwanira."

Pamenepo a Layisoni anatembenukira kukhomo kumene ndinakhala. "Nambewe, mwana wanga, iwe mathero ukuwadziwa. Waonera kangati? Tawauza akuluakuluwa."

Ndinali nditaonera kanemayo kosawerengeka. Tikiti ya kuchipatala, yolembedwa kuti malungo, inali pamfundo ya chitenje changa, ndinkaimva ikundikanda pamimba. Chitsime, matabwa owola, bedi logwa, zonse zinali pansonga ya lilime. Ndinayang'ana pansi.

"Sindikukumbuka bwino, bambo."

Sanakalipe, munthu amene ankakalipira nkhuku chifukwa chodutsa pakhonde. Anangomasula taye, kuipinda, n'kunena kuti chabwino. Anayesa kutulutsa tepi m'deki koma popanda magetsi inakana, ndiye anainyamula choncho ili m'kati.

Kusudzula mkamwini kuli ndi njira yake. Mumaitana abale ake, mumaphika, mumathokoza ntchito imene wagwira pamudzi, ndiye n'kumuuza kuti wamasuka. Ife tinachita zonse tsiku limodzi ngati tikutaya mbuzi yofa yokha. Palibe wa ku Ntcheu anaitanidwa, ndipo panalibenso woti n'kumuitana, chifukwa amene ankawadziwa kumeneko anali kumanda. Ngolo inabwera m'mawa mwake. Anakweza makina, sutikesi, bulangete ndi khasu limodzi. Za a Felesiya sanakhudze ngakhale sipuni. Amayi amene ana awo anaphunzira kumina pakhomo paja anaima patali atapinda manja, ena akukokera ana kumbuyo kuti asawayang'ane m'maso. Makiyi anapereka kwa a Gilibati, a Gilibati n'kundipatsa ine ngolo isanakhote n'komwe.

Mawu a m'kanema aja sanachoke nawo, ndicho chimandinyansa kwambiri. Mpaka lero pamaliro, pamsika, pampira, wina akanjenjemera amanena za maondo ndipo anthu amaseka. Akazi a malume omwe ndinawamva mwezi wathawu akuuza amuna awo kuti avule nsapato muno akolopa. Kudya mawu a munthu, kusekera mawu a munthu, munthuyo mutamutaya pathumba la makala! Afunseni kuti mawuwo anayambitsa ndani, akuuzani kuti ndi zonena za kale basi. Mawu amodzi okha aja a pabedi ndiwo palibe amawatchula.

Tsopano a Gilibati akufuna mapemphero okumbukira alamu awo, ndi kwaya, ndi tiyi, ndipo akuti achitikire m'nyumba ya malemuyo poti ndi yaikulu. Anatuma akazi awo kudzatenga makiyi. Ndawauza kuti makiyi sindipereka, akafuna kuimba akwere lole akaimbire ku Zalewa, ngati manda ake angawapeze. Akuti ndachita mwano. Inde ndachita, ndipo ndachedwa nawo zaka zitatu.

M'nyumbamo sindinagonemo ngakhale tsiku limodzi. Dzulo ndinakatsegula. Chitseko chinafufuma ndi mvula, ndinachita kuchikankha ndi phewa. Mabenchi akadali m'mizere yake, koma chiswe chadya miyendo, awiri agwa chammbali. Kudenga kwadzaza mileme, pansi ponse ndi zitosi zake. M'chipinda chogona mphasa ndi yokulunga, madiresi a mayi aakulu ali pachingwe, makoswe aboola m'mapewa. Mitengo ya manachesi theka inauma, chifukwa othyola ndi ambiri koma wothirira palibe.

Kuseri kwa nyumba kuli uvuni wa njerwa umene a Layisoni anawotcha chilimwe chawo chomaliza, mayi aakulu asanayambe kudwala. Sunaphwasulidwe. Anthu amaganiza kuti ankafuna kumanga khitchini, ndipo ine sindinawauzepo zoona. Njerwazo anaumbira ine. Anandiuza okha ataima m'dzenje la dothi, matope kufika m'maondo, kuti mvula ikatha amangira ine ndi ana zipinda ziwiri pafupi ndi iwo, ndisamavutike ndi udzu chaka ndi chaka. Ndinali ndikudziwa zimenezi pamene malume ankandiimitsa panjira ya kumjigo. Pamwamba pa uvuniwo pamera nsenjere, mbali imodzi yagumuka, ndipo njerwa zimene zagwa pansi ndi zofiira bwino, zopsa mpaka m'kati.